Nyale ya Sapuwa

Lole ya Stewart anthu ankaidziwa ndi fungo isanatulukire pakona. Inali yakalekale, ya petulo, ndipo anaigula pa okushoni esiteti ina ya tiyi itatopa nayo. Pampu ya mafuta inafa kale. Stewart, pokhala makaniko wa pansi pa mtengo, anangomangirira thanki pamwamba, kuseri kwa kabini, kuti petulo azitsika yekha kupita ku injini. Anzake ankamuseka kuti akuyendetsa mbaula. Iye ankangoti bola ikuyenda.

Tsiku limenelo sanapite kukanyamula nkhuni kapena nthochi za anthu. Ankasamutsa bambo ake.

A Amosi anagwira ntchito pa esiteti moyo wawo wonse, ndipo atapuma anatsalira kumalayini, kunyumba za antchito a esiteti, kwa mwana wawo wamkazi, Teleza, wotchola tiyi. Kenako matenda ofa ziwalo anawagwetsa. Miyendo inafa, dzanja lamanja linafa, ndipo pakamwa panatsala liwu limodzi lokha: "Eya." Muwafunse ngati adya, eya. Muwafunse ngati ali ndi njala, eya. Ngakhale akukana mankhwala, misozi ili chuchuchu, chotuluka pakamwapo chinali chomwecho. Patatha zaka ziwiri achibale anagwirizana kuti mkuluyo abwerere kwawo ku Changata, kwa alongo awo a Anesi, akadwalire pa dothi la amayi awo.

Kukhala pampando sakanatha. Amuna anayi anawanyamula ndi matiresi omwe n'kuwagoneka kumbuyo kwa lole, pakati pa kabati ndi matumba a chimanga, n'kumanga katundu yense ndi zingwe. Teleza anatsogola pa njinga yamoto kukakonza chipinda. Koma mukudziwa kutsanzikana kwa kumalayini. Uyu abwere ndi pemphero, uyo ndi phava la nthochi, wina ayambitse nyimbo ya mavesi asanu ndi limodzi. Pamene Stewart ankaliza injini dzuwa linali litalowa, ndipo chiperoni chinali chitayamba kutsika m'mapiri.

Anadutsa njira yachidule ya m'kati mwa minda ya tiyi. Ankayenda pang'onopang'ono kuopa kuwagwedeza bambo ake. Nkhungu inakula mpaka magetsi a lole ankangounika utsi woyera wokhawokha.

Pali khwawa lina kumeneko, lokhala ndi kamlatho ka matabwa pansi pake. Lole inatsika bwinobwino, inawoloka, n'kuyamba kukwera tsidya linalo. Ndipamene fungo linasintha. Silinali la masiku onse lija. Linali lamphamvu, lolasa m'maso. Injini inatsokomola, inagwedezeka, inatsokomolanso, basi zii.

Stewart anakoka buleki yamanja, n'kutsika kukaika mwala kutayala. Sanadandaule kwambiri. Matendawa ankawadziwa: kabureta yasefukira, injini yamwa mafuta mopitirira. Anafuulira kumbuyo kuti bambo asade nkhawa, n'zazing'ono.

"Eya," anayankha a Amosi.

Atatsegula boneti n'kuunika ndi foni, anaona kuti si zazing'ono. Petulo sankadontha ayi. Ankachucha. Ankatuluka pakamwa pa kabureta, n'kutsikira pachitsulo chotentha cha injini, ali tsiii, kenako n'kugwera pansi. Stewart anatenga sipanala n'kugogoda kabakuli ka kabureta, poganiza kuti kasingano kotseka mafuta kangokakamira. Nthawi zambiri ukagogoda kamamasuka. Anagogoda kanayi, kasanu. Mafuta sanaleke.

Apa m'pamene nzeru zake za thanki yapamwamba zinamutembenukira. Galimoto ina ikazima, mafuta amaima. Iyi ayi, ankangotsika okha. Anafufuza pulayala m'bokosi, anapana paipi, n'kumanga zogwirira ndi mphira kuti isatseguke. Kuchucha kunaleka.

Ataunika pansi anaona kuti wachedwa. Lole inaima mutu uli kumtunda, ndiye petulo yense uja anatsata mkwasa wa matayala, kudutsa kunsi kwa lole, n'kukadikha m'kadzenje kumbuyo. Kadzenjeko kanali pansi penipeni pa pamene panagona bambo ake.

Kuwatsitsa yekha sakanatha, anthu anayi aja anachita kutuluka thukuta. Kubwerera chafutambuyo ndiye kukagwera pamlatho mu nkhungu. Foni inalibe netiweki, m'khwawa limenelo simugwira. Chotsala chinali chimodzi: kukonza msanga n'kuichotsa lole pamafutapo.

Analuma foni kuti iziunika, n'kumasula timabawuti tinayi ta pachivindikiro cha kabureta. M'kati mwa kabakuli muja mumakhala fuloti, kachitini kamkuwa kopanda kanthu m'kati. Mafuta akadzaza kamayandama, n'kukankha kasingano kuti katseke njira. Stewart anakachotsa, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Chukuchuku. Kanabooka, kanamwa mafuta, kanamira. N'chifukwa chake njira sinkatsekeka.

Ali chigwirire kachitiniko anaona kuwala.

Kanali kamoto kofiirira, kumtunda kwa munda wa tiyi, dzanja lamanzere. Si tochi ayi. Kuwala kwa tochi kumakhala koyera ndipo kumayendayenda. Aka kanali ka nyale ya parafini, ndipo kankatsika.

Stewart anachotsa foni kukamwa n'kufuula kuti aliyense ali kumeneko asayandikire ndi moto, pano pali petulo. Palibe anayankha. Anaganiza kuti ndi mlonda wa esiteti, mwina wogontha, mwina waledzera. Anatukwana chamumtima n'kufulumira.

Anatenga kapu yachitsulo m'dengu la Teleza lomwe linali pakatundu, anakulunga chiguduli padzanja, n'kumasula pang'onopang'ono chitsekero cha rediyeta. Anamiza chigudulicho m'madzi otentha n'kufinyira m'kapu, kambirimbiri, zala zikupsa, mpaka kapu inafika pakati. Anamiza fuloti. Kutentha kunayamba kukankha mafuta a m'kati, ndipo timathovu tinatuluka pamsoko, pakabowo kochepa ngati ka singano yosokera. Bowo analipeza. Tsopano kunali kudikira kuti mafuta onse atuluke. Ntchito imeneyi siifuna phuma, ndipo nthawi analibe.

Anadzutsa mutu. Kamoto kaja kanali kafika pakati pa munda.

Amene anakulira ku Thyolo amadziwa kuti m'munda wa tiyi sudutsa paliponse. Mitengo yake imalukana nthambi, yofika m'chiuno, yolimba ngati mpanda. Wotchola amachita kuvala chipepala chokhuthala kuti asang'ambike ntchafu, ndipo akamayenda umamva kuti tswa tswa tswa uli patali. Koma nyale iyi inkabwera molunjika, kudula mizere yonse, osakhota kufuna njira. Ndipo kunali chete. Ankangomva madzi a mu mtsinje ndi kupuma kwa bambo ake.

Anagwedezanso fuloti. Chuku, pang'ono. Anaimizanso. Anathamangira kudengu kukafuna sopo wochapira, uja wamtanda, chifukwa petulo sasungunula sopo, ndipo makaniko aliyense wa kumudzi amamatira zimenezi. Anamupeza atakulungidwa mu mpango wa Teleza, ndipo mpangowo anauponya m'thumba. Pobwerera anayesa kukankhira dothi pakadzenje ka mafuta kaja ndi phazi, koma linali dongo lonyowa, loterera, losakumbika.

Fuloti inauma. Anaipukuta pa malaya, anapaka sopo pabowo, anatsindira ndi chala, anapakanso. Anaibwezera m'malo mwake, anaona kuti kasingano kakukwera ndi kutsika, anavindikira. Bawuti yoyamba inalowa. Yachiwiri inalowa. Akumanga yachitatu foni inapulumuka kukamwa, inagunda chitsulo, n'kugwera pansi pa injini, n'kuzima.

Koma mdima sunagwe. Ankaonabe zala zake.

Anatembenuka pang'onopang'ono. M'mphepete mwa msewu, mapazi khumi kuchokera pa lole, panaima munthu. Anavala chijasi chachitali cha alonda akale ndi chipewa chaulusi. Nyale anaitambasulira kutsogolo, ndiye nkhope sinkaoneka. Galasi la nyaleyo linali losweka, moto uli pamtunda. Mphepo inkagwedeza masamba a bulugamu, koma lawilo linangoima njo. Dzanja logwira nyale ndi limene Stewart analiona bwino. Linali losalala, lonyezimira, zala zitamatana ngati pulasitiki yosungunuka.

"Bambo, chonde imani pomwepo," anatero Stewart. "Pansi ponsepa ndi petulo. Kumbuyoku kuli wodwala."

"Aitanitsa nyale," anatero munthuyo.

"Ine sindinaitane munthu."

"Si inu."

Munthuyo anayamba kuyenda. Sanabwere kuboneti kumene kunali ntchito. Anatsata m'mbali mwa lole, kulowera kumbuyo, n'kukaima moyang'anana ndi matiresi. Kuwala kunagwera pankhope ya a Amosi. Maso awo anali tong'o. Dzanja lawo lamoyo lija linkakanda thabwa la lole.

"A dalaivala," anatero munthuyo, mwaulemu ndithu, ngati wantchito kwa bwana wake. "Ndisendeze?"

Stewart anadabwa. Bambo ake ankawadziwa ngati munthu wa m'fakitale, woyanika masamba. Sanawaonepo atagwira chiwongolero. Koma analibe nthawi yoganiza zimenezo, chifukwa anaona milomo ya mkuluyo ikulimbana. Mutu unkapukusa kukana. Khosi linatupa mitsempha. Munthu wamkulu ankayesetsa ndi mphamvu zake zonse kupeza liwu lina, lililonse.

"Eya."

Nyale inasendera. Mapazi awiri, kapena atatu. Tsopano Stewart ankaona lawi likuonekera m'kadziwe ka mafuta kaja.

Anafuula kuti ayi, asamvere zimenezo, mkuluyu sadziwa chimene akunena, ndi matenda. Munthuyo sanamucheukire n'komwe. Zinali ngati Stewart kulibe. Anaima phee, kudikira, kenako anafunsanso ndi mawu omwe aja, osakweza, osatsitsa.

"Ndisendeze?"

Momwe Stewart anakwerera pa lole sakumbuka. Anangozindikira ali pamwamba pa matumba, atagwada pa matiresi, dzanja lake lonunkha petulo lili pakamwa pa bambo ake. Abale, mwana kugwira pakamwa pa bambo omubala! Chibadwire anali asanawagwirepo ngakhale paphewa. Ankamva milomo ikuyenda m'chikhatho mwake, mpweya wotentha, ndi misozi ikutsikira pazala.

Munthu uja anangoima. Sanasendere, sanabwerere. Zinaoneka kuti popanda kuuzidwa sasendera.

Koma nanga akhala chomwecho mpaka liti? Dzanja lili pakamwa, lole aliza ndani? Stewart anapapasa m'thumba ndi dzanja linalo n'kupeza mpango wa Teleza uja. Anapempha bambo ake kuti amukhululukire. Anaupinda, anaulowetsa pakati pa mano awo, n'kumanga mfundo kunkhongo. Mkuluyo sanalimbane naye. Anachita kudzutsa mutu kuti mfundo imangike bwino, ndipo chimenecho n'chimene chinamuliza Stewart.

Anatsikira mbali inayo. Bawuti yachitatu anaimaliza ndi kuwala kwa nyale yomweyo. Yachinayi anaisiya. Mapulagi anali atanyowa, koma nthawi yowamasula n'kuwapukuta panalibe. Anamasula pulayala papaipi, anayang'anitsitsa. Anamva mafuta akulowa m'kabakuli. Anawerenga mpaka makumi awiri. Pakamwa pa kabureta panali pouma. Sopo anagwira.

Analowa m'kabini. Ankadziwa kuti nayenso akhoza kuyatsa moto womwewo. Injini yosefukira ikamalira imatha kuphulitsa lawi kupaipi ya utsi, ndipo paipiyo inathera pafupi ndi kadzenje kaja. Anapemphera mawu awiri atatu osalongosoka. Anaponda chopondera mafuta mpaka pansi osapopa, kuti mphepo ilowe yambiri iumitse m'kati, n'kupotokola kiyi.

Injini inazungulira, osagwira. Anasiya. Kumbuyo anamva funso lija, ndipo pambuyo pake kung'ung'udza kwa munthu womangidwa pakamwa.

Anapotokolanso. Inazungulira molemera, batire ikutopa. Kuwala pagalasi loonera kumbuyo kunaoneka ngati kwakula. Kaya mpango unamasuka, kaya kung'ung'udzako kunakwanira kukhala yankho, iye sakudziwa.

Kachitatu sanasiye kiyi. Inazungulira, inazungulira, inatsokomola, inaphulika kamodzi kuti phu, n'kugwira. Chiutsi chakuda chinadzaza khwawa lonse. Analowetsa giya, lole inalumpha n'kuyamba kukwera.

Ali pamwamba pa chitunda anayang'ana pagalasi. Moto sunabuke. Kumunsi kuja kunali kamoto kamodzi komwe kaja. Kanali katachoka m'mphepete, kali pakati pa msewu, ndipo kankakwera chitunda pang'onopang'ono, mayendedwe a mlonda.

Anafika ku Changata anthu asanagone. Teleza atakwera pa lole n'kuona bambo ake ali ndi mpango wake kukamwa, anamulalatira mchimwene wakeyo pamaso pa anthu, kumufunsa ngati wapenga. Stewart anadikira mkuluyo agonekedwe m'nyumba, kenako anakhala pakhonde ndi azakhali ake n'kufotokoza zonse.

A Anesi sanadabwe. Anangofunsa kuti dzanja la munthu wa nyaleyo linali lotani. Atauzidwa, anayamba kulankhula motsitsa, akusakaniza ndi Chilomwe.

Anati Stewart asanabadwe, a Amosi anali dalaivala wa esiteti, wonyamula masamba. Madzulo ena lole inawafera m'khwawa lomwelo, matenda ake omwewo a kusefukira. Kunabwera mlonda wa mundawo, dzina lake Sapuwa, kudzawaunikira. Sapuwa anaima patali, anati akumva fungo la mafuta. A Amosi anali ndi phuma, masamba ankatentha m'matumba, ndipo anamukalipira kuti asendeze nyale, akuopa chiyani ngati mwana. Mlonda ndani kuti akanire dalaivala? Anasendeza. Moto unabuka. A Amosi analumphira mu tiyi n'kupulumuka. Sapuwa anakhala masiku anayi kuchipatala n'kumwalira.

"Chimene chinaipa si motowo," anatero a Anesi. "Mabwana atafunsa, achimwene anati mlondayo anabwera yekha ndi nyale, osaitanidwa, iwo akumuletsa."

Mlandu unagwera womwalira. Mkazi wake ndi ana anachotsedwa kumalayini sabata isanathe, chimanjamanja, n'kuwolokera ku Mozambique. A Amosi anapempha kuti awasinthire kufakitale, ndipo galimoto sanaigwirenso. Nkhaniyi anauza mlongo wawo yekha, kamodzi kokha.

Stewart anayesa. Anapita ku Thekerani, anafunsa amalonda odutsa malire ngati akudziwa mbumba ya Sapuwa, kuti mwina akagwade m'malo mwa bambo ake. Wina anati anamvapo dzinalo, wina anati anthu amenewo anatha nthawi ya nkhondo. Anabwerako wopanda yankho. Anaitana abusa, iwo anapemphera n'kunyamuka. Ndipo woyenera kuvomera kulakwa ndi pakamwa pake analibenso mawu ovomerera, kupatula limodzi lomwe lija.

Patapita masiku, wa njinga yamoto wina anasimba pamsika kuti anakumana ndi mlonda wachikale atanyamula nyale, akuyenda pakati pa msewu, kutali ndi minda ya tiyi. Sabata yotsatira amayi ochedwa kuchigayo anamuona pamphambano. Kenako ana a sukulu ya pafupi anati madzulo ena kumjigo kunali kamoto, ndipo sikankagwedezeka ndi mphepo.

Stewart anasiya maulendo akutali. Lole anakaiimika kwa mnzake kutsidya, atakhuthula thanki. M'nyumba ya a Anesi munachotsedwa parafini, makandulo ndi machesi, ndipo moto wa kukhitchini amauthira madzi dzuwa likangopendeka. Koma denga ndi laudzu, ndipo a Anesi alibe kwina kopita ndi wodwala.

Anthu a m'mudzimo ali ndi kufotokoza kwawo. Ena anaonapo pawindo mkuluyo ali ndi nsalu kukamwa. Amanong'onezana kuti Stewart anakhwimira bambo ake kuti lole izimubweretsera chuma, ndipo amawamanga kuti asaulule. Pamaliro palibe amakhala naye pafupi. Iye amamva, zimamupweteka, koma satsutsa. Awauze chiyani?

Dzuwa likamalowa amasambitsa bambo ake, amawamwetsa phala, kenako amakhala pa mkeka pambali pawo. Nsalu ija mkuluyo inamutupitsa m'mbali mwa milomo, ndiye masiku ano Stewart amagwiritsa dzanja. Teleza akabwera Loweruka amamulandirako.

Lachitatu lapitali kunja kunali chiperoni. A Anesi anali atangotseka chitseko. Pakhoma la m'chipindamo panaoneka kuwala kofiirira, kolowera m'mphepete mwa windo. Panalibe kugogoda. Mawu anachokera panja, pafupi kwambiri, aulemu ngati kale.

"A dalaivala. Ndisendeze?"

Stewart anatsindika dzanja. Pansi pa chikhatho chake milomo ya bambo ake inayamba kuyenda.